Kadindidwe koyenera ka zidindo za labala pa makadi

Malangizo awa amabwera m'bokosi limodzi ndi zidindo zomwe timalongedza kuno ku Zomba, ndipo ndi a inu ogula a ku Chipata, Katete, Lusaka ndi madera ena a Zambia. Awerengeni musanadinde khadi lanu loyamba la ukwati, la chinkhoswe kapena la Khirisimasi.

Ambiri amaononga makadi chifukwa chodinda ngati pa kalata ya ku ofesi, kumenya chidindo ndi mphamvu zonse. Chidindo cha maluwa ndi zilembo sichifuna zimenezo. Chiikeni pa pepala molunjika, kanikizani ndi zala pakati ndi m'mbali mofanana, dikirani pang'ono kuti inki ilowe, kenaka nyamulani molunjikanso. Musachigwedeze uku ndi uku. Mukatero mizere imatuluka iwiri-iwiri, ndipo m'mphepete mwa labala mumasiya timadontho ta inki pomwe simunafune. Ngati pakati pa chithunzi pakutsala poyera, vuto kawirikawiri ndi tebulo, osati mphamvu yanu. Yalani pansi mapepala angapo kapena kasiponji kopyapyala, tebulo likhale losagwedera.

Popaka inki, gonekani chidindo chagada ndipo mugogode pang'onopang'ono ndi padi ya inki mpaka paliponse panyowe. Kuchinyika mwamphamvu mu padi kumadzaza inki m'mipata ya chithunzi, timizere tating'ono n'kusanduka chibanthu chimodzi. Yang'anani chidindocho pa kuwala musanadinde, ndipo yesani kaye pa pepala lotaya. Ife sitidumpha sitepe imeneyi ngakhale makadi akhale 200.

Zidindo zoonekera mkati, zomatidwa pa kabuloko ka pulasitiki, zikakhala zatsopano nthawi zina zimakana inki, imangoundana m'timadontho. Zikhuleni pang'ono ndi labala yofufutira pensulo, pukutani, ndipo dindani kangapo pa pepala lotaya.

Inki ndi pepala ziyenera kugwirizana, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Inki ya dye imalowa m'pepala ndipo imauma msanga, koma yambiri imasungunuka ikakhudza madzi. Ngati mudzapaka utoto wamadzi pamwamba, sankhani yosasungunuka monga Archival ya kampani ya Ranger. Inki ya pigment ndi yokhuthala, imakhala pamwamba pa pepala ndipo imachedwa kuuma. Pa pepala lonyezimira ikhoza kukhala yonyowa mpaka tsiku lotsatira. Pa pepala lotere ndi pa pulasitiki gwiritsani ntchito inki yotchedwa StazOn, mazenera ali otsegula chifukwa ili ndi fungo. Pepala la fotokope la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) ndi loyeserera chabe. Khadi lenileni likhale losalala, la 200 mpaka 300 gsm. Mapepala opangidwa pamanja ndi okongola ndipo timawakonda, koma ndi okhakhala, choncho amafuna chithunzi cha mizere yokhuthala, osati tizilembo tating'ono.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Kuno m'tsinde mwa phiri la Zomba, m'dzinja ndiponso masiku a chiperoni mu Juni ndi Julaye, pepala limayamwa chinyontho ndipo inki imachedwa kuuma. Kwanuko mvula ikayamba mu Novembala mudzaona zomwezo. Sungani makadi m'jumbo yotseka, ndipo odindidwa kale muwayanike padera-padera, osawasanjikiza.

Ofuna zilembo zotukuka ndi ufa wa embossing awaze ufawo inki ya pigment kapena VersaMark (inki yomata yopanda mtundu) ikadali yonyowa, akutumule wotsala, kenaka atenthe ndi makina ake otenthetsera. Choumitsira tsitsi chimangouluza ufa. Kandulo kapena mbaula ayi, pepala limapsa.

Mukamaliza, pukutani chidindo nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono. Chogwirira cha thabwa musachiviike m'madzi, guluu amamatuka. Palafini, sipiriti ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo zimaononga zidindo, makamaka zoonekera mkati. Mtundu wa inki ukatsalira pa labala yotsuka bwino musadandaule, sulowa pa khadi lotsatira. Zisungeni pamthunzi, kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa limaumitsa labala mpaka kung'aluka. Mapadi a inki ya dye atsekedwe ndithu ndi kuikidwa chafufumimba kuti inki izikhala kumaso kwa padi.