Pulogalamu ikukana kutseguka, ikungoti "error while loading shared libraries", tipange chani?

Ambiri mwa ife kuno ku Harare tinalowa Linux chifukwa cha thumba, si nkhani yachikondi ayi. Laputopu zija zasekeni handi za ku Gulf Complex, zambiri Windows 11 imazikana, ndiye munthu amangoikamo Ubuntu kapena Linux Mint ntchito nkumayenda. Vuto limabwera tsiku lomwe mwatsitsa pulogalamu kunja kwa Software Center, mwina yowerengera katundu wa pa tuckshop ku Mbare kapena ya homuweki ya mwana, mwadina kawiri, zii, mwadinanso, ziii, osatuluka ngakhale kauthenga.

Musayambe mwaformata. Tsegulani terminal ndi Ctrl+Alt+T, lowani mufoda muli pulogalamuyo ndi cd, muyiyendetse pamanja polemba ./dzinalake. Pamenepo ndi pomwe imalankhula, ndipo nthawi zambiri mupeza zonga izi:

error while loading shared libraries: libssl.so.1.1: cannot open shared object file: No such file or directory

Chizungu chake nchoopseza koma uthengawu wakuuzani kale dzina la chomwe chikusowa, apa ndi libssl.so.1.1. Likopeni lonse ndi manambala omwe, manambalawo ndi ofunika kwambiri, tiona kutsogoloku.

Nkhani yake ili chonchi. Mapulogalamu a pa Linux sabwera ndi zonse m'mimba mwawo, ntchito zina monga kujambula windo, kutulutsa mawu, kutseka mauthenga opita pa intaneti amadalira mafayilo othera ndi .so, ma shared libraries kapena kuti malaibulale, omwe ali m'sisitimu, ndipo fayilo imodzi imatumikira mapulogalamu ambirimbiri, ngati maloja a nyumba imodzi ku Highfield omwe onse amatunga pampopi umodzi wapanja. Pulogalamu ikamadzuka pali kena kotchedwa ld.so komwe kamathamanga kukasonkhanitsa mafayilowo. Kamayang'ana komwe pulogalamuyo yalozera, mafoda omwe ali mu LD_LIBRARY_PATH (mndandanda wa mafoda owonjezera womwe munthu amatha kuika yekha) ngati alipo, kenako mndandanda wa /etc/ld.so.cache, pomaliza /lib ndi /usr/lib. Kakasowa imodzi yokha basi, zonse zaima.

Ndipo kamangotchula yoyamba yomwe kasowa, ndiye mutha kukonza imodzi nkutulukanso ina, ina, mpaka kutopa. Kuti muone zonse pakamodzi lembani

ldd ./dzinalake | grep "not found"

Koma ngati pulogalamuyo mwangopatsidwa pa fulashi kapena pa gulupu ya WhatsApp ndipo simukudziwa komwe yachokera, ldd isiyeni kaye chifukwa nthawi zina imatha kuyendetsa fayiloyo. Gwiritsani ntchito readelf -d ./dzinalake | grep NEEDED, iyoyo imangowerenga osayendetsa kanthu.

Tsopano funso ndi lakuti fayiloyo mulibedi m'kompyutamu kapena ilimo koma yangobisala. Yesani ldconfig -p | grep libssl, m'malo mwa libssl muike dzina lanu, ikapanda kutulutsa kanthu sakani paliponse ndi sudo find / -name "libssl.so*" 2>/dev/null, pa hard drive yakale izi zimatenga kanthawi ndithu, pitani mukaike madzi a tiyi pamoto.

Ngati mulibe, mukufunika pakeji (mtolo wa mafayilo womwe mumainstola ndi apt) yomwe imabwera nayo, ndipo dzina la pakeji silifanana ndi la fayilo nthawi zonse, apa ndi pomwe anthu amasokonekera nkumalemba sudo apt install libGL.so.1 nkumadabwa ikukana. Njira yodziwika ndi apt-file: sudo apt install apt-file, kenako sudo apt-file update, kenako apt-file search libGL.so.1. Imagwira bwino koma update ija imatsitsa mndandanda wa fayilo iliyonse ya m'mapakeji onse, bandulo yatsiku ya Econet kapena NetOne imamva kuwawa. Ine ndimakonda kungotsegula packages.ubuntu.com pafoni, pansi pali bokosi losakira zam'kati mwa mapakeji, mulembemo dzina la fayiloyo nkusankha vesheni yanu. Vesheni mumaiona ndi lsb_release -a, 22.04 ndi jammy, 24.04 ndi noble, ndipo a Mint dziwani kuti Mint 21 inakhazikika pa jammy, Mint 22 pa noble. A Fedora inu zanu nzosavuta, dnf provides "*/libGL.so.1" yakwana.

Pali zina zobwerezabwereza zoti mutha kungoloweza. libGL.so.1 ili mu libgl1, imeneyi imavutitsa kwambiri anyamata ophunzira Python ndi OpenCV makamaka mu Docker (chida choyendetsera pulogalamu m'kabokosi kakekake). libnss3.so ili mu libnss3. libasound.so.2 ili mu libasound2, koma pa 24.04 dzina linasintha kukhala libasound2t64, ndipo mapakeji ambiri analandira kamchira ka t64 komweko chifukwa Debian ndi Ubuntu akukonzekera vuto la pa 19 January 2038, tsiku lomwe wotchi ya 32-bit idzadzadze. Ndiye malangizo akale akakana ndi dzina lakale yesani kuwonjezera t64 kumapeto.

Ya AppImage, mapulogalamu aja obwera mufayilo imodzi osafuna kuinstola, nayo ndiyofala, imati dlopen(): error loading libfuse.so.2. Kuyambira Ubuntu 22.04 fayiloyi sibweranso yokha, ndiye sudo apt install libfuse2, pa 24.04 libfuse2t64. Chonde chonde lembani libfuse2, osati fuse yokha. Pakeji ya fuse imalimbana ndi fuse3 ndipo apt ikamachotsa fuse3 itha kukokanso zinthu za desktop, mawa lake nkudzuka kompyuta ikuoneka zachilendo. Kulikonse apt ikanena kuti The following packages will be REMOVED, werengani kaye musanadine Y.

Kwa omwe kunyumba kulibe intaneti yokwanira, lembani apt-get install --print-uris -y libgl1, m'malo mwa libgl1 muike pakeji yanu, ikupatsani malinki a mafayilo onse a .deb ofunika osatsitsa kanthu, mukatsitse kuntchito kapena pa cafe m'tauni, mubwere nawo pa fulashi, muike mufoda imodzi nkulemba sudo apt install ./*.deb. Ndipo magetsi akathima apt ili pakatikati, batire nayo ili yakufa monga zilili laputopu zambiri zakalezi, akabwera yambani ndi sudo dpkg --configure -a kenako sudo apt --fix-broken install musanapitirize china chilichonse.

Nanga find ikaipeza fayiloyo, dzina lomwelo manambala omwewo, koma pulogalamu ikukanabe? Ndiye kuti ld.so sakudziwa foda imeneyo. Ngati ili mu /usr/local/lib chifukwa mwangomaliza make install, sudo ldconfig yokha imakwana, mndandanda uja umalembedwanso mwatsopano. Ngati ili kwina ngati /opt/kena/lib, yesani kaye kamodzi chonchi:

LD_LIBRARY_PATH=/opt/kena/lib ./dzinalake

Ikatseguka mwapeza vuto. Kuti zikhazikike lembani echo /opt/kena/lib | sudo tee /etc/ld.so.conf.d/kena.conf kenako sudo ldconfig, kapena bwinonso pangani kasikiripiti ka mizere iwiri kongoyendetsera pulogalamu imodziyo. Zoika LD_LIBRARY_PATH mu .bashrc, fayilo yomwe terminal imawerenga ikamatseguka, ine sindigwirizana nazo, chifukwa chilichonse chomwe mutsegule pa terminal chiyamba kuyang'ana mufoda imeneyo, patapita miyezi itatu mwaiwala ndipo curl kapena git yayamba misala simukudziwa chifukwa chake.

Tsopano ya manambala ija, yomwe imadya anthu nthawi. Mwasaka libssl.so.1.1, mwapeza libssl.so.3, ndipo m'mutu mukubwera nzeru yoti ingopangani symlink (kafayilo kongolozera fayilo ina) ndi ln -s kuti 1.1 iloze pa 3. Pa intaneti alipo ambiri olangiza zimenezi. Musatero achimwene. Nambalayo ikasintha ndiye kuti zam'kati zasintha mosagwirizana ndi zakale, mukakhala ndi mwayi pulogalamu ingokana ndi uthenga wina wakuti version OPENSSL_1_1_0 not found, ndi mafayilo ena itha kutseguka bwinobwino nkudzagwa pakati pa ntchito musanasevu. Chinachitika nchakuti Ubuntu 22.04, yomwe inatuluka mu April 2022, inasamukira ku OpenSSL 3.0, ndipo OpenSSL 1.1.1 eni ake anasiya kuisamalira pa 11 September 2023, ndiye pulogalamu yofunabe 1.1 ndi yakale basi. Choyamba bwererani komwe munaitsitsa muone ngati pali ina yopangidwira 22.04 kapena 24.04, kawirikawiri imakhalapo munthu anangodina linki yolakwika. Onaninso ngati ili pa Flatpak kapena Snap, izozo zimanyamula mafayilo awoawo, kungoti zimadya deta kwambiri koyambako. Zikakanika zonsezi ndipo pulogalamuyo ndi yomwe mumadyera, tsitsani .deb ya libssl1.1 ya Ubuntu 20.04 kuchokera ku Ubuntu komweko, musaiinstole, ingoimasulani ndi dpkg -x libssl1.1*.deb ~/sslyakale, mkatimo mupeza usr/lib/x86_64-linux-gnu, muloze LD_LIBRARY_PATH pamenepo pa pulogalamu imodziyo yokha. Sisitimu yonse ikhalabe pa 3. Dziwani tu kuti ndi laibulale yachitetezo yomwe sikukonzedwanso, ndiye zabanki kapena mapasiwedi musadutsitse mmenemo. Ndipo zowonjezera repo (nkhokwe ya mapakeji) ya focal, ndiye 20.04, mu sources.list ya jammy, imeneyo ndi njira yachidule yoswera apt.

Palinso vuto lotembenuka, pomwe pulogalamu ndi yatsopano kuposa sisitimu yanu, uthenga wake umati version GLIBC_2.34 not found. glibc ndi laibulale yaikulu ya sisitimu, fayilo yake ndi libc.so.6, onani vesheni yanu ndi ldd --version. Ubuntu 20.04 ili ndi glibc 2.31, 22.04 ili ndi 2.35, 24.04 ili ndi 2.39. Apa palibe pakeji yoti muwonjezere, ndipo libc.so.6 musaikhudze ngakhale wina akuuzeni chani, pafupifupi lamulo lililonse limaidalira, ls, cp, sudo yomwe, mukaiwononga mulibenso chokonzera kupatula kubuta ndi fulashi. Pezani vesheni yakale ya pulogalamuyo, kapena iyendetseni mu Docker, kapena kwezani sisitimu, makamaka ngati mukadali pa 20.04 yomwe sapoti yake yaulere ya masiku onse inatha mu 2025.

Ka 32-bit nako kamapezeka, makamaka pa madiraiva akale a mapurinta ndi magemu. Mukaona wrong ELF class, kapena terminal ikuti No such file or directory chonsecho fayiloyo mukuiona ndi maso, lembani file ./dzinalake. Ikati ELF 32-bit, pangani sudo dpkg --add-architecture i386, sudo apt update, sudo apt install libc6:i386, ndipo pakeji ina iliyonse yosowa muziika :i386 kumapeto. Ikati aarch64 kapena ARM ndiye mwatsitsa ya makina ena ngati Raspberry Pi, bwererani mukatenge ya x86_64 kapena amd64.

A Windows nanu matenda ndi omwewa, kungoti kwanu amati VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll was not found. Mawebusayiti aja opereka DLL imodziimodzi asiyeni, ndi momwe mavairasi amalowera. Tsitsani Microsoft Visual C++ Redistributable ya 2015 mpaka 2022 kwa Microsoft komweko, ndipo ikani zonse ziwiri, x64 ndi x86, chifukwa pulogalamu ya 32-bit imafuna x86 ngakhale Windows yanu ili 64-bit.