Pulogalamu imodzi pa Windows, Linux ndi foni: samalani ndi ma thread

Anzanga amene mukulemba mapulogalamu kuno ku Thyolo, kaya muli pa MUST ku Ndata kapena mukudziphunzira nokha pa Luchenza, ntchito zomwe zimatipeza zimafanana. Gulu la alimi a tiyi likufuna pulogalamu yolembera makilo a masamba: kusikelo ikhale pa foni ya Android, ku ofesi pa laputopu ya Windows, ndipo zonse zizikasungidwa pa seva ya Linux. Thread ndi kagawo ka pulogalamu komwe kamagwira ntchito yake nthawi imodzi ndi tinzake: thread ina izilandira makilo pomwe ina ikutumiza pa intaneti. Zikasokonekera pamenepa, amene amalira ndi mlimi wothyola masamba mbandakucha.

Choyamba, zonse zodalira mtundu wa makina muziike pamalo amodzi. Linux, macOS ndi Android amagwiritsa ntchito pthreads, zida zoyendetsera ma thread za mu ndondomeko ya POSIX ya 1995, pomwe Windows ili ndi zakezake monga CreateThread ndi CRITICAL_SECTION. Musamwaze #ifdef _WIN32, mzere wopatula malangizo a Windows okha, m'mafayilo onse. Ngati mukulemba mu C++, ntchitoyi anakugwirirani kale: kuyambira C++11 muli std::thread, std::mutex ndi std::condition_variable. A C musathamangire threads.h, chifukwa mu glibc, laibulale ya C ya pa Linux, inalowa mu 2018 ndipo pa macOS palibe. Bola kulemba fayilo imodzi yokhala ndi mayina anuanu oyambitsira thread, kutseka ndi kutsekula mutex, ndipo pulogalamu yonse izidzera momwemo.

Koma kufanana kwa mayina kusakupusitseni. Mutex ili ngati kiyi wa stolo: amene wautenga ndiye amalowa, ena amadikira panja. Pa Windows, thread yomwe yagwira kale CRITICAL_SECTION, yomwe imagwira ntchito ya mutex kumeneko, ikhoza kuigwiranso kachiwiri popanda vuto. Pa Linux, mutex wamba ya pthreads mukaitseka kawiri mu thread imodzimodzi, thread ija imadzidikirira yokha, pulogalamu n'kungoti duu. Tsono taganizirani: function yolemba makilo yatseka mutex, kenako yaitana function yowerengera ndalama za mlimi, yomwenso imatseka mutex yomweyo. Pa laputopu ya mu ofesi zonse zili myaa. Tsiku loika pa seva, basi zaima. Ine langizo langa ndi lakuti muzitsata lamulo lokhwima ponseponse: mutex imodzi, kutseka kamodzi. Function yomwe imafuna kuti mutex ikhale yotseka kale, ilembeni zimenezo pa dzina pake penipeni kuti mnzanu wodzakonza mawa asagwe m'mbuna.

Podikira condition variable, njira yomwe thread imagonera mpaka inzake itaidzutsa, funso loti "kodi makilo atsopano afika?" muzilifunsa mu while, osati mu if. POSIX ndi Windows onse amanena poyera kuti thread ikhoza kudzuka popanda woidzutsa, choncho ikadzuka iyenera kufunsanso, ndipo while ndiye amabwereza funsolo.

Nkhani ina imene ambiri amaiphonya ndi ya purosesa. Malaputopu ambiri ali ndi x86, mafoni ali ndi ARM, ndipo ARM ili ndi ufulu wochuluka wosintha dongosolo la zolemba mu memory. Thread ina ikalemba makilo kenako n'kukweza chizindikiro choti "zatheka", pa foni thread inzake ikhoza kuona chizindikirocho makilo enieniwo isanawaone, n'kutenga nambala yakale. Kulemba volatile sikuchiza matenda amenewa. Gwiritsani ntchito std::atomic kapena mutex.

Stack, gawo la memory lomwe thread iliyonse imapatsidwa losungiramo zinthu zake za kanthawi, nayonso imasiyana. Thread ya pa Windows imayamba ndi 1 MB, pa Linux kawirikawiri 8 MB, pomwe thread yowonjezera pa macOS imapatsidwa 512 KB yokha. Mndandanda waukulu wa alimi musauike pa stack. Ndipo ngati wina pagulu panu ali ndi Mac, dziwani kuti sem_init, function ya POSIX yoyambitsira semaphore (chowerengera ma thread ololedwa kulowa), sigwira ntchito kumeneko.

Pomaliza penipeni, kuyesa. Zolakwika za ma thread zimabisala, zimadzatulukira tsiku lomwe mzere wa alimi watalika ndipo netiweki ikudukaduka. Pa Linux, pangani pulogalamu yanu ndi -fsanitize=thread, ya mu GCC kapena Clang, kuti ThreadSanitizer, chida chosaka zolakwika za ma thread, ikulozereni mizere iwiri yomwe ikulimbirana malo amodzi. Mukatero muiyendetse pa makina onse atatu nthawi iliyonse mwasintha fayilo ya ma thread ija. Foni yoyesera ikhale yotchipa yomwe kalaliki wa kusikelo amagwira, ndipo muithire makilo ambirimbiri motsatizana uku mukuzimitsa ndi kuyatsa data.