Momwe mungakonzere maulendo a katundu ku Canada ndi ku America chisanu chikamasungunuka

Anzathu amene mukuyendetsa mathiraki kapena kutumiza katundu ku Ontario, Quebec, Michigan ndi Minnesota, miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi ndi yofunika kuikonzekera padakali nthawi. Kunja kukayamba kufunda, nthaka imasungunuka kuyambira pamwamba pomwe pansi pakadali poundana. Madzi amasowa kolowera, n'kukhala pansi pa phula, msewu n'kufewa ngati wafumbi wa kumudzi mu Febuluwale, ngakhale pamwamba ukuoneka wolimba. N'chifukwa chake maboma amachepetsa kulemera kololedwa pa ekiselo iliyonse, chitsulo cholumikiza mawilo a mbali ziwiri za galimoto.

Yambani ndi kumapeto kwa ulendo. Misewu ikuluikulu yambiri ya ku Ontario siikhudzidwa, ndipo ku Michigan kuli misewu imene amaitcha all-season, yomwe malire ake sasintha chaka chonse. Vuto limabisala pa makilomita ochepa omaliza, kamsewu ka khonsolo kolowera ku famu kapena ku fakitale. Imbirani foni amene akulandira katunduyo, muwafunse ngati pamsewu wawo paikidwa kale chikwangwani chochepetsa kulemera kololedwa, kenako mutsimikize ku khonsolo ya deralo, chifukwa ndiyo mwini msewuwo. Ku Quebec kokha samalani kwambiri: kumeneko lamulo limagwira misewu yonse ya boma, ndi ikuluikulu yomwe.

Mukadziwa misewu, fufuzani masiku. Quebec inagawidwa m'zigawo zitatu, ndipo kummwera, cha ku Montréal, ziletso zimayamba msanga kusiyana ndi kumpoto. Ku Ontario nthawi zambiri zimayamba pa 1 Malichi mpaka 30 Epulo, koma m'madera ena akumpoto zimafika pa 31 Meyi. Ku Minnesota, MnDOT, nthambi ya boma yoona za misewu, imayang'ana kafundidwe ka nyengo n'kulengeza kutangotsala masiku atatu, ndipo ziletsozo nthawi zambiri sizipitirira masabata 8. Masiku a chaka chatha musawadalire. Lembetsani kuti uthenga uzikufikani pa imelo, muziuona m'mawa uliwonse musanapachire.

Tsopano masamu, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Pamsewu wachikwangwani ku Ontario malire ndi makilogalamu 5,000 pa ekiselo. Thiraki ya maekiselo asanu ndiye kuti siingapose matani 25 yonse pamodzi. Chotsanipo kulemera kwa thirakiyo ndi ngolo yake zili zopanda kanthu, komwe kumakhala cha m'ma matani 15, katundu wotsala ndi wa matani 10 basi. Komanso sikelo imayeza ekiselo iliyonse payokha. Mukhoza kukhala pansi pa matani 25 koma n'kugwidwabe chifukwa mapaleti aunjikana kutsogolo kwa ngolo. Ekiselo yakutsogolo, yosenza injini, imakhala kale pafupi ndi malirewo, choncho ngakhale mafuta odzaza thanki amawerengedwa. Ku Michigan, pa kulemera kololedwa amachotsera 25 peresenti pamsewu wakonkire ndi 35 peresenti pa waphula, pomwe ku Quebec amachotsera pakati pa 8 ndi 20 peresenti malinga ndi mtundu wa maekiselo.

Ena amaona ngati akuluakulu a misewu akungovutitsa anthu, koma mayeso a misewu otchedwa AASHO Road Test amene anachitika ku Illinois kuyambira 1958 mpaka 1960 anaonetsa kuti ekiselo ikalemera kawiri, imawononga msewu pafupifupi ka 16. Pamsewu wofewa kale, thiraki imodzi yolemetsa imasiya mikwasa yoti anthu a m'deralo avutike nayo chaka chonse.

Masamu akatuluka, sankhani chochita. Katundu wolemera amene saonongeka, monga simenti, zitsulo ndi feteleza, mutumizeni mu Januwale kapena Febuluwale nthaka ikadali gwa. Ku Minnesota amalola ngakhale kuwonjezera 10 peresenti pa kulemera kololedwa m'nyengo yozizira. Wosadikira mugaweni maulendo awiri, kapena mufikitseni ku depoti ya pamsewu waukulu, galimoto zing'onozing'ono zikamalize. Makina osagawika ndi ovuta kwambiri, pakuti zilolezo za katundu wolemera mopitirira nthawi zambiri amaziimitsa m'nyengoyi.

Mtengo mukambirane ndi kasitomala musananyamuke, ndipo zilembedwe kuti maulendo owonjezerawo alipira ndani. Mukapachira, pitani pa sikelo yolipira monga ya kampani ya CAT, musunthe mawilo a ngolo ngati pakufunika, muyezenso, ndipo kapepala ka sikelo kakhale m'galimoto mpaka katundu atatsitsidwa.