Kamera ya pageti yolankhula: muiike bwanji kuti mawu azimveka

Anthu ambiri amene amandiitana kuti ndikawaikire kamera kuno ku Zomba amafunsa za chithunzi chokha: kodi usiku imaona, kodi nkhope ya munthu izizindikirika. Za mawu amazikumbukira mochedwa, mlendo ataima pageti ku Matawale eni nyumba ali ku ntchito, akumuona pafoni akugogoda koma osatha kumuuza kuti adikire. Kunena zoona chithunzi sichivuta. Chimene chimatichedwetsa amisirife pamakwerero ndi mawu, ndipo vuto lake limayambira pogula.

Pakatoni payenera kulembedwa kuti two-way audio, kutanthauza kuti kamerayo imamva komanso imalankhula. Akangolemba built-in mic, kamerayo ili ndi khutu koma pakamwa ilibe. Musadalire za pakatoni zokha, itembenuzeni muione. Yolankhula imakhala ndi timabowo tambiri kumbuyo kapena kunsi kwake, pomwe pali sipika, ndiponso kabowo kamodzi kakang'ono ka maikolofoni pafupi ndi galasi. Makamera ambiri a Wi-Fi a Tapo, EZVIZ ndi Imou ali nazo ziwiri zonsezi, koma a mawaya opita ku DVR, kabokosi kosunga zojambula, ambiri alibe sipika. Ngati ikakhale panja, funani yolembedwa IP65 kapena IP66, chizindikiro choti imapirira fumbi ndi mvula. Mvula ya pansi pa phiri lathuli mukuidziwa nokha.

Muyambe kuilumikiza ili patebulo, musanaboole khoma. Tsitsani app ya kamerayo, tsegulani akaunti, kenako foni yanu ikhale pa Wi-Fi ya panyumbapo. Makamera ambiri oterewa amagwira Wi-Fi ya mtundu wa 2.4 GHz yokha, choncho rauta yanu, kabokosi kotulutsa Wi-Fi, ikamaonetsa mayina awiri, musasankhe la 5G kumapeto. Ena amafuna muloze foni pa QR code ili pathupi pa kamera, ena app imakuuzani yokha chochita. Ikakana, dinani kabatani ka reset osachotsa chala mpaka ilire kapena kanyali kake kasinthe, muyambirenso. Pasiwedi imene yabwera nayo isintheni pompo, chifukwa munthu woidziwa atha kumamvetsera zokambidwa pakhonde panu.

Nthawi yoyamba kudina kachizindikiro ka maikolofoni, foni imafunsa ngati mukulola app kugwiritsa ntchito maikolofoni yake. Anthu amangodina kukana osawerenga, kenako n'kundiimbira kuti kamera yafa sipika. Pa Android lowani mu Settings, Apps, sankhani app ija, Permissions, Microphone, mulole. Zikatero zatheka.

Poyesa, musaime pafupi ndi kamera foni ili m'manja. Sipika ya kamera ilankhulira mu foni, foni ibwezere ku kamera, ndiye muyamba kumva kulira kwa tswii kosatha. Tumani mwana aime pomwe pali kamera, inu mulowe kuchipinda mutseke chitseko. Mukamvana, zimitsani Wi-Fi ya pafoni muyesenso ndi data ya TNM kapena Airtel, pakuti umu ndi mmene mudzaigwiritsire ntchito muli kumsika kapena ku Liwonde.

Tsopano malo oimangirira, apa ndi pamene ndimakangana ndi eni nyumba. Iwo amafuna pamwamba penipeni, pansi pa malata, kuti wakuba asaifikire. Ndimawamvetsa. Koma maikolofoni ikayandikana ndi malata, mvula ikangoyamba mumva phokoso la padenga lokhalokha, munthu ali pageti n'kumangooneka akuyasamula. Ine ndimaiika mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi, pakhoma kapena pachipilala cha geti, ndipo munthu wolankhula naye asatalikire kupitirira mamita atatu kapena anayi. Kamera ili pakhonde, geti lili mamita khumi ndi asanu uko, mudzamva galu wanu bwinobwino koma mlendo ayi. Geti likayang'ana kumsewu wa njinga zamoto za kabaza, ngati mmene zilili nyumba zambiri ku Chinamwali, ipendeketseni iyang'ane pansi pomwe munthu amaima, osati kumsewu. Ndipo musaimate pachitsulo cha geti chimene chimagwedezeka ndi mphepo. Onaninso ngati Wi-Fi ikufika pamalopo, makoma a njerwa zowotcha amaifooketsa kwambiri. Imani pomwepo ndi foni muone timizere tangati tatsala.

Kulankhula kwake kuli mitundu iwiri. Makamera ena muyenera kugwira batani nthawi yonse imene mukulankhula, ndipo pa nthawiyo simumva za mbali inayo mpaka mutachotsa chala. Ena mumadina kamodzi n'kumacheza ngati pafoni. Onse awiri amachedwetsa mawu, sekondi imodzi kapena ziwiri, netiweki ikalema kuposa pamenepo. Choncho dinani, dikirani pang'ono, ndiye lankhulani, apo ayi mawu oyamba adulidwa. Mukamaliza khalani chete mumpatse mnzanu mpata. Mawu akamadukaduka, sinthani chithunzi kuchoka pa HD, chooneka bwino kwambiri, kupita pa SD, chotsikirapo. Mawu okha satenga malo ambiri pa intaneti, chimene chimadzaza njira ndi kanemayo.

Nkhani ya bandulo ilinso pomwepo. Kanema woyenda pa 1 Mbps amadya pafupifupi 7.5 MB pa mphindi, kutanthauza 450 MB pa ola, ndipo amadya mbali zonse ziwiri: pa rauta ya kunyumba ndi pa foni yanu. Amene amasiya app yotsegula tsiku lonse pa desiki kuti azimva zochitika pakhomo, bandulo ya mwezi sifika pakati pa mwezi. Tsegulani ikakutumizirani uthenga kuti kwabwera munthu, lankhulani, tsekani. Zojambula zizisungidwa pa memory card ya mu kamera momwemo.

Magetsi akathima, kamera ndi rauta zonse zimagona. Ma UPS aang'ono a rauta, mabatire osunga magetsi, alipo, ndipo kamera zolowa ndi USB zimayenda ndi power bank yomwe. Musalimbitse kamera yokha n'kuiwala rauta, popeza popanda rauta mawu anu alibe podzera.

Ambiri amagula poganiza kuti adzakuwira wakuba usiku. N'kutheka adzathawa. Koma akamva mawu anu akudukaduka pa kasipika, amadziwanso kuti mwina mulibe pakhomo. Ine ndimawalangiza kuti usiku aimbire mlonda kapena anansi kaye, ndipo ngati kamera ili ndi siren aliritse imeneyo. Ntchito yeniyeni ya mawuwa ndi ya masana: kuuza wa makala kuti asiye thumba pakhonde, kuuza ana obwera ku sukulu kuti nsima ili m'kontena, kufunsa wa ganyu ngati wamaliza kutchetcha.

Ndipo kumeneku n'komwe anthu amalakwitsa ulemu. Agogo atakhala pakhonde akusenda nandolo, mwadzidzidzi khoma n'kuyankhula kuti "Mwamwa mankhwala?", mtima ungathe kuima. Yambani mofatsa, dzitchuleni: "Agogo, ndine mdzukulu wanu, ndikulankhula pa kamera ija. Mwaswera bwanji?" Mlendo wa pageti chimodzimodzi, moni kaye: "Takulandirani bambo, pepani ndatalikira, tikuthandizeni?" Sipika musaikweze mpaka kumapeto, mawu amasweka ndiponso anansi onse amva zoti ndalama ya ndiwo ili pansi pa wailesi. Zotere imbani foni.

Wantchito wa pakhomo ndi mlonda auzeni poyera kuti kamerayi imamvanso, osati kuona kokha. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, komanso ngakhale lamulo likanapanda, kumvetsera munthu mobisa kumathetsa chikhulupiriro pakhomo. Isayang'ane m'bwalo la anansi, ndipo kuchipinda chogona kapena kubafa isayandikireko. Panyumba ya lendi ya mpanda umodzi, gwirizanani ndi anzanu onse musanaimangirire.

Pakapita miyezi mawu akayamba kumveka ngati achimfine, musafulumire kugula ina. Kwerani muone kabowo ka maikolofoni kaja. Fumbi la m'chilimwe, ukonde wa akangaude, nthawi zina dothi la tizilombo tomanga zisa, zimakatseka. Pukutani ndi kaburashi kouma kofewa. Singano musalowetsemo, mungaboole kansalu kotchinga madzi kali mkatimo.