Momwe mungayambitsire gulu losunga mbiri ya tauni yanu ya m'mbali mwa nyanja

Titaika maliro a gogo wina kwathu ku Nkhotakota, adzukulu anatulutsa sutikesi yakale imene inkakhala kunsi kwa bedi. Mudzi wonse unkadziwa kuti m'menemo muli zithunzi ndi makalata a nthawi imene malemuwo ankagwira ntchito m'sitima za panyanja. Titaitsegula tinapezamo dothi la chiswe. Zithunzi zitatu zokha ndiye zinkaonetsabe nkhope, koma munthu yekhayo amene akanatiuza maina a anthu a pazithunzizo ndi uja tinali titangomukwirira. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Matauni athu a kunyanja ndi ang'onoang'ono, koma mbiri imene asenza ndi yolemera. Ku Nkhotakota kokha kuno kunali likulu la a Jumbe, mafumu achiswahili a malonda a minyanga ndi akapolo, kuyambira Salim bin Abdallah cha m'ma 1840 mpaka pamene boma la atsamunda linachotsa womaliza m'zaka za m'ma 1890. David Livingstone anafika kuno mu 1861, nabweranso mu 1863. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa kuno ku tchalitchi cha All Saints. Kunonso ndi kumene msonkhano wa Malawi Congress Party mu 1960 unasankha Dr Banda kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Izi zinalembedwa m'mabuku ndipo sizitayika. Zimene zikutayika ndi zija zili m'mitu ya agogo athu ndi m'masutikesi. Anthu ochepa odzipereka angathe kuzipulumutsa, ndipo umu ndi momwe mungayambire.

Yambani ndi anthu, maudindo abwera pambuyo

Pezani anthu asanu kapena asanu ndi awiri. Mukachuluka kuposa pamenepo tsiku loyamba, msonkhano umathera pa kukangana za dzina la gulu. Mphunzitsi wopuma ntchito amapezeka msanga ndipo ndi wofunika, koma musadzaze komiti ndi ophunzira okhaokha. Mukhale msodzi wachikulire, makamaka amene anakhalapo mu komiti ya kudoko. Mukhale mayi woyanika usipa kapena wolima mpunga, poti amayi amadziwa mibadwo ya mabanja kuposa abambo ambiri. Mukhalenso mnyamata kapena mtsikana wodziwa bwino foni.

Chimene ndikuumirira kwambiri ndi ichi: mukhale wakumzikiti ndi wakutchalitchi, onse okhala ndi mawu ofanana. M'matauni ngati Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga, mbiri ya malonda a akapolo ikadali pafupi ndi khungu. Adzukulu a amene ankagulitsa ndi adzukulu a amene ankagulitsidwa amagula pamsika umodzi, ena anakwatirana kalekale. Gulu likakhala la mbali imodzi, mbali inayo imatseka zitseko, ndipo mumatsala ndi theka la nkhani.

Tsiku loyambalo nenani poyera kuti kulibe alawansi. Ena sabweranso, ndipo palibe chifukwa chowakwiyira, aliyense ali ndi banja loti adyetse. Otsalawo ndiwo mudzagwire nawo ntchito.

Kaonekereni kwa mafumu

Musanafunse gogo aliyense funso, pitani kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, mpaka kwa gogo chalo. Fotokozani chimene mukufuna kuchita ndipo pemphani kuti akulozereni akuluakulu. Mfumu ikakutumizani, anthu amakuyalirani mphasa. Mukangolowa m'mudzi ndi foni m'manja, amayesa ndinu andale kapena olemba maina a thandizo. Mukatero kadziwitseninso ku ofesi ya bwanamkubwa. Mafumu akhale alangizi a gulu, koma asakhale mu komiti, chifukwa nkhani za mbiri zimakhudza mikangano ya ufumu ndi malire a minda, ndipo gulu lanu lisasanduke mboni ya mbali ina pabwalo.

Gawanani ntchito ndipo lembani malamulo ochepa

Wapampando, mlembi ndi msungichuma aliyense amawadziwa. Onjezerani udindo wachinayi, umene kwa ine uposa onsewo: wosunga kaundula. Uyu ndi amene amalemba chinthu chilichonse chimene gulu lalandira, lajambula kapena labwereka. Sankhani munthu wodekha, wolemba zooneka bwino, ngakhale akhale wosalankhula pagulu.

Malamulo anu akwane masamba awiri. Anene kuti maudindo ndi a zaka ziwiri, kuti katundu ndi wa gulu osati wa munthu, ndi kuti gulu likadzatha zinthu zidzapita kuti. Ndalama za zopereka zisakhale pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu mmodzi kwa nthawi yaitali. Zikayamba kuchuluka tsegulani akaunti ya kubanki ya osayinira atatu, ndipo msungichuma aziwerenga zolowa ndi zotuluka pa msonkhano uliwonse. Kulembetsa yambirani ku khonsolo ya boma lanu. Zopita kwa Registrar General zidikire kufikira pamene mukufuna kukhala ndi malo kapena nyumba m'dzina la gulu.

Jambulani mawu a agogo, ndipo yambani mwezi uno

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Zikwangwani, mayunifolomu ndi maloto a nyumba yosungiramo zakale zingathe kudikira, koma gogo wa zaka 90 sangadikire. Lembani maina a okalamba onse amene mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo akutchulirani, muwasanje kuyambira wamkulu kwambiri ndi wodwaladwala, ndipo muyambe ndi iwowo.

Pitani awiriawiri, wina wofunsa, wina woyang'anira foni ndi kulemba. Ulendo woyamba ukhale wongocheza. Tengani shuga kapena sopo monga mmene munthu amachitira pokaona agogo, koma musagule nkhani ndi ndalama, chifukwa nkhani yogula imatalika mwadala. Fotokozani kuti mawuwo akasungidwa kuti ndipo adzawamva ndani. Akavomera, chivomerezocho chimveke m'mawu omwe mukujambulawo. Akati "ichi musachiulutse ndikadali moyo", lembani zimenezo mu kaundula ndipo muzisunge.

Tsiku lojambula, tsekani netiweki ya foni kuti wina asaimbe pakati pa nkhani. Khalani kuseri kwa nyumba komwe mwera sukuomba, kutali ndi chigayo ndi mafunde, foni ikhale pa mpando pafupi ndi pakamwa pawo. Yambani ndi kutchula tsiku, mudzi, dzina lawo ndi la wofunsa.

Kafunsidwe ndi kamene kamasiyanitsa. Mukati "agogo, tiuzeni mbiri ya kuno", adzakubwerezerani za Livingstone zimene anamva pa wailesi. Funsani zazing'ono. Sitima ya Ilala itayamba kuyenda mu 1951, inkaima pati ndipo anthu ankakwera bwanji? Nkhani ya kumira kwa sitima ya Viphya mu 1946, pamene anthu 145 anataya miyoyo, munaimva kwa ndani? Ukonde musanayambe kugula wa nayiloni munkaluka ndi chiyani? Doko ili linkatchedwa chiyani kale? Ndinafunsapo msodzi wina za mphepo zokha, mwera ndi mpoto. Anatseka maso, nayamba kuloza ndi chala mbali iliyonse ya nyanja, akutchula maina a malo ophera utaka amene sali pa mapu alionse, kenako n'kuyamba nyimbo yopalasira bwato imene adzukulu ake omwe anali asanaimvepo. Tinakhala maola awiri pa funso limodzi.

Akakhala chete musathamangire funso lina. Amayi muwafunse paokha, ndipo wofunsa akhale mayi mnzawo, chifukwa pamaso pa amuna ambiri amangoti "anena kale bambowa". Wina akafika pa nkhani yowawa, ya ukapolo kapena ya wachibale amene anatengedwa usiku m'nthawi ya chipani chimodzi, mufunseni ngati akufuna mupitirize kujambula.

Madzulo a tsiku lomwelo sungani mawuwo malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi imene ikhale kunyumba ina, ndi pa intaneti mu akaunti ya gulu imene anthu awiri akudziwa chinsinsi chake chotsegulira. WhatsApp si nkhokwe, foni ikabedwa zonse zapita. Banja la gogoyo lipatseni kope lawo.

Zithunzi ndi makalata: jambulani, musalande

Anthu amaopa kupereka zinthu za makolo awo, ndipo ali ndi chifukwa. Ambiri anabwereketsapo chithunzi kwa mlendo wofufuza osachionanso. Choncho jambulani chinthucho pakhonde pomwepo, pamthunzi wowala, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuchibweza m'manja mwa mwini wake. Funsani maina a onse ali pachithunzipo nthawi yomweyo.

Zimene mwapatsidwa kuti musunge, zipatseni nambala ndipo mulembe mu kaundula amene wapereka, tsiku, ndi ngati ndi mphatso kapena chobwereka. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo, osati bolopeni. Musamate ndi selotepi kapena guluu, ndipo musakutire kalata yakale ndi pulasitiki yootcha ija ya ziphaso, chifukwa simudzaichotsanso. Mdani wamkulu kunyanja kuno ndi chinyezi ndi chiswe. Ikani mapepala m'bokosi lachitsulo, pa shelefu yotalikira pansi ndi khoma, ndipo muzilitsegula mwezi ndi mwezi, makamaka m'dzinja. Amene anaona mmene nyanja inakwerera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za m'mphepete akudziwa kuti chipinda chosungiramo chiyenera kukhala kumtunda.

Mukapeza mikanda, mbiya zakale, unyolo kapena mafupa pokumba maziko, musapitirize kukumba. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere, ndipo oyenera kuwadziwitsa ndi a nthambi ya boma ya Museums and Monuments. Chimodzimodzi mukafuna kukonza nyumba yakale kapena manda otetezedwa. Kupaka penti yatsopano pa mwala wakale ndi mtima wabwino, koma kumafafaniza zolembedwa.

Yerekezani ndi zolembedwa

Mukasonkhanitsa nkhani zingapo, tumani anthu awiri ku National Archives, nyumba ya boma yosungiramo mapepala akale, ku Zomba. Dziwani kuti moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira, n'chifukwa chake mabuku a ubatizo, maukwati ndi maliro a ku mishoni ali amtengo wapatali. Pemphani ansembe kapena abusa kuti muwaone. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale zambiri.

Pepala likasiyana ndi gogo, lembani zonse ziwiri ndi kunena amene wanena. Mapepalawo analemba ndi amishoni ndi atsamunda, amene anaona zina n'kuphonya zina, ndipo maina athu ambiri anawalemba mokhota.

Bwezerani mbiri kwa eni ake

Pasathe chaka musanaonetse anthu zimene mwapeza. Simufunika nyumba. Kalasi imodzi Loweruka, zithunzi zosindikiza zopachika pa chingwe ndi sipika yomvetsera mawu a agogo n'zokwanira. Itanani agogowo akhale kutsogolo. Wailesi ya m'dera, monga Nkhotakota Community Radio kapena Dzimwe ku Mangochi, ndi yoyenera kuipempha mphindi zochepa pa sabata. Konzani ulendo wapansi wa ana asukulu, kuchokera pa mkuyu wa Livingstone kudzera ku tchalitchi ndi kumzikiti wakale mpaka kudoko, ndipo wofotokoza pa malo alionse akhale wa pamalopo. Mukafuna kuona mmene ena anayalira zinthu zawo, kaoneni Lake Malawi Museum ku Mangochi kapena nyumba ya chikhalidwe ndi zakale ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004.

Zaka ziwiri zikakwana, chitani chisankho ngakhale atsogoleri akugwira bwino ntchito. Miyezi itatu chisankho chisanafike, aliyense wa udindo ayende ndi wachinyamata mmodzi womuphunzitsa. Tsiku lopatsirana, wosunga kaundula wakale ndi watsopano akhale pansi pamaso pa gulu, atsegule bokosi, awerenge chinthu chimodzichimodzi molingana ndi nambala zake, ayese fulashi ngati ikutseguka, asinthe chinsinsi cha akaunti, kenako onse awiri asayine pa tsamba lomaliza ndi kulemba tsiku.