Galimoto yopanda denga m'dzinja la Lusaka: momwe mungaisamalire kuti mvula isaithe

Chaka china, misasa ya alendo ku Lower Zambezi itatseka kumapeto kwa Novembala, ndinabwera nayo kuno ku Lusaka Land Cruiser yoonetsera alendo nyama, ija ya mipando itatuitatu kumbuyo ndi kadenga ka lona, m'mbali muli pululu. Ndinaiimika kuseri kwa nyumba ku Chilenje, pansi pa mtengo wa mango, n'kuifunditsa chipulasitiki chakuda kuyambira kumutu mpaka kumatayala. Zingwe ndinakoka zolimba, m'mphepete n'kutsindira njerwa. Mtima uli m'malo, ndinakwera basi ya ku Katete kukadya Khirisimasi.

Patapita milungu itatu ndinabwerako. Nditangotukula pulasitiki uja, fungo linandiwomba m'mphuno longa la chimanga chovundira m'nkhokwe. Mipando inali mbuu ndi chuku, malamba ali mawangamawanga. Poponda mapazi panali kachithaphwi, ana a udzudzu ali piringupiringu. Nyali imodzi yakumbuyo inkayaka ikafuna. Amalume, amene ayamba kukonza ma Land Rover ine ndisanamere mano, anaizungulira kamodzi n'kuima.

"Mphwanga, mvula usainamizire. Galimotoyi waiphika wekha."

Ankanena zoona. Madzi anadikha pamwamba pa pulasitiki mpaka kumuboola, chinyezi china n'kumakwera kuchokera m'dothi, ndipo dzuwa likawomba masana zonsezo zinkafuka nthunzi m'katimo popanda potulukira. Galimoto zamtunduwu anazipanga kuti zizinyowa. Chimene sizipirira ndi kugona ndi madzi. Ndiye zonse zimene ndilembe pansipa zikuzungulira pa nkhani imodzi: madzi akalowa, apeze njira atuluke, mphepo idutse.

Yambani ndi pansi, denga lidikire

Ambiri amathamangira kugula lona. Inu yambani mwagwada. Chotsani kapeti yense, pamodzi ndi chithonje chija amayala kunsi kwake kuti chizichepetsa phokoso. Chimenecho chimamwa madzi ngati bulangete ndipo chimatha milungu chisanaume, pamwamba pakuoneka pouma bwinobwino. Dzinja lonse yendani ndi mphasa za labala zokha, zoti mutha kuzisolola n'kukutumula.

Mukavundukula pansi muona timabowo totsekedwa ndi tizitsekero ta labala. Jeep Wrangler anachita kuiikira dala kuti muzizula mukafuna kukhetsa madzi, ndipo ma Land Cruiser ndi ma pickup ambiri ali nato. Zulani tiwiri kapena tinayi ta pamalo otsika kwambiri, muike m'kathumba, musunge m'galimoto momwemo, chifukwa tsiku lowoloka madzi mudzatifuna. Kenako tengani waya mutokose mabowo ena onse, a kunsi kwa zitseko ndi a m'bodi kumbuyo. Mudzadabwa ndi zimene zimatulukamo: dothi lofiira la m'chilimwe, makoko a mtedza, masamba a mango. Tsanuliranimo ndowa imodzi ya madzi muone kumene akuthamangira. Pamene atsalira, pamenepo ndiye padzayambire dzimbiri.

Eni a ma Land Rover Defender amakonda kudzitama kuti bodi yawo ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri. N'zoona, koma chasisi ndi chitsulo, ndipo khoma lija lolekanitsa injini ndi anthu, pamodzi ndi poponda mapazi, nachonso n'chitsulo. M'pamene zimabookera. Mukapeza pofiira, palani ndi bulashi yawaya, pakani red oxide, penti yoyamba yoletsa dzimbiri, kenako penti yapamwamba.

Poimika, musamaimike pathyathyathya. Kwezani kutsogolo pang'ono, ngakhale ndi thabwa kunsi kwa matayala, kuti madzi atsetserekere kumbuyo n'kutuluka.

Lona

Apa m'pofunika kachiwerengero pang'ono. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiye lita imodzi, ndipo lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Denga la mamita 2 kwa mamita 4 likalandira mvula ya mamilimita 25, yomwe mu Januwale imatha kugwa masana amodzi okha, ladutsidwa ndi malita 200. Ndi pafupifupi diramu yathunthu. Lona akakhala wokungika, madzi onsewo amangotsetsereka. Akakhala wolendewera, amapanga thumba, ndipo ngakhale mutatsala malita 20 okha, ndi chigubu chathunthu chimene chikukoka ulusi usiku wonse. Mawa thumbalo limakula. Mkucha lang'ambika, kapena chitsulo chapindika.

Choncho kungani zingwe zonse. Ngati pakati pakugwabe, lowetsani nsungwi kapena paipi yopindika kunsi kwake kuti pakhale kamsana ngati denga la nyumba.

Potsuka lona, sopo waufa wochapira zovala ayi. Amasukulutsa mankhwala amene amachititsa kuti madzi azingogubuduka pamwamba. Madzi ozizira ndi bulashi yofewa n'zokwanira. Makina opopera madzi mwamphamvu a anyamata otsuka galimoto m'mbali mwa msewu nawonso asayandikire lona, amatsegula misoko. Lona akauma gwa, m'pakeni mankhwala oletsa madzi amene amagulitsa m'masitolo a matenti, ndipo pamisoko mubwereze kawiri. Nthawi yabwino ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chizimalupsa asanagwe. Mukachedwa, dikirani masiku awiri a dzuwa. Kupaka pa lona wonyowa n'kutaya ndalama.

Ngati mwangosokesa lona watsopano wa thonje kwa atelala a mipando, musakwiye akadontha pa mvula yoyamba. Ulusi wa thonje umafufuma ukanyowa n'kutseka mabowo a singano. Munyowetseni ndi paipi, aume, mubwereze katatu, kudonthako kudzachepa kokha. Amene amadontha mpaka kalekale ndi lona wopindidwa ali wonyowa n'kuponyedwa kuseri kwa mpando. Ameneyo chuku chimamudya ulusi.

Mawindo apulasitiki aja a m'mbali musamawapukute ali ouma, fumbi limawakanda mpaka osaonanso kunja. Thirani madzi kaye.

Mipando imanamiza

Chikopa chapulasitiki cha pamwamba mutha kuchipukuta n'kuuma pompo, koma madzi amalowera m'misoko kupita m'siponji. Dinani ndi chibakera pafupi ndi msoko. Mukamva kuti fwee, kapena timadontho tikatuluka, m'katimo muli madzi. Ngati makhushoni ndi ochotseka, aimikeni chilili pakhonde msoko uli pansi. Ngati mukusokesa atsopano, auzeni atelala akute siponji ndi pulasitiki pamwamba ndi m'mbali, kunsi asiye popumira, thabwa la pansi aliboole mabowo angapo.

Chuku chimagwira msanga, tsiku limodzi kapena awiri basi. Chikagwira, pukutani ndi viniga wosakaniza ndi madzi, galimoto ili panja, pamphuno mutamanga kansalu. Malamba a pampando musawathire mankhwala oyeretsera zovala, amafooketsa ulusi, ndipo lamba wofooka mudzamudziwa tsiku la ngozi. Asololeni onse mpaka kumapeto, muwapanikize ndi chopanira zovala kuti asabwerere, aume ali choncho.

Mawaya

Injini yakale ya dizilo ngati ya Land Cruiser yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2, ilibe nazo kanthu mvula. Chimene chimavuta ndi tizinthu tating'ono: polumikizira mawaya, bokosi la mafyuzi, maswichi, wailesi, ndi waya wa earth amene wamangidwa pa bodi. Madzi akakhalamo, mkuwa umachita zobiriwira, ndiye mumaona nyali zikuphethira, hutala ikulira mosasa mawu, batire ikutha usiku umodzi.

Zulani cholumikizira chilichonse chimene mungachifikire, chimodzichimodzi kuti musasokoneze, mupopere WD-40 kuti athamangitse chinyezi, chiume, kenako mupake girisi wa magetsi pang'ono musanabwezere. Pamitu ya batire Vaseline amagwira ntchito. Mawaya amene wina analumikiza pongopota n'kukulunga tepi, aja a nyali zoonjezera ndi firiji, adulidwe alumikizidwe bwino. Tepi amasunga madzi m'kati m'malo mowatchinga.

Dziwani pamene pali ubongo wa galimoto yanu. Pa Defender batire imakhala kunsi kwa mpando wakutsogolo wakumanzere, ndipo pa Defender ya mtundu wa Td5 kompyuta ya injini ili kunsi kwa mpando wa dalaivala. Mabokosi amenewo ayang'aneni mvula iliyonse ikagwa. Pa dashibodi, kansalu ka lona kongophimba chiwongolero, mawotchi ndi wailesi kamathandiza kuposa chipulasitiki chokuta galimoto yonse.

Madzi ochokera pansi

Walira mvula walira matope, ndipo kuno matopewo amabwera ndi nyanja zake. Lusaka wakhala pa mwala wa laimu umene uli pafupi ndi pamwamba, malo ake ndi athyathyathya, ndiye ku Kanyama, Misisi ndi Chawama madzi sachedwa kudzaza misewu. Mwini galimoto yaitali amayesedwa: timagalimoto tating'ono taima m'mbali, anthu akukuyang'ana, iwe n'kuti ndionetse. Ine ndinganene kuti injini zambiri zimafera pamanyazi amenewa.

Toyota imati Land Cruiser 70 iwoloke madzi osapitirira masentimita 70. Defender yakale ndi 50, amene ndi msinkhu wa bondo la munthu wamkulu. Snorkel, chipaipi chija chokwera m'mbali mwa galimoto, imangokweza polowera mpweya wa injini, siteteza mawaya, difu (bokosi la magiya la pa ekiselo) kapena giyabokosi. Musanalowe, onani pamene madzi akulekeza pa galimoto imene yatsogola, ndipo kumbukirani kuti kunsi kwa madzi odawo kutha kukhala ngalande yosavundikira. Bwezerani tizitsekero ta labala tija. Lowani ndi giya yotsika, liwiro limodzi, osasintha giya pakati, osathamanga. Mukatuluka, yendani pang'onopang'ono mukuponda buleki mopepuka kuti aume.

Injini ikazimira m'madzi, chotsani dzanja pa kiyi. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Pisitoni ikakumana nawo, chimene chimagonja ndi chitsulo, ndipo kuliza kamodzi kokha kutha kupinda ma con rod, zitsulo zogwira mapisitoni. Ikokeni ituluke. Tsegulani bokosi la air filter, sefa ya mpweya wolowa mu injini: mukapeza yonyowa, makanika achotse ma heater plug kapena ma injector, azunguze injini madzi alavulike, asinthe oyilo ndi fyuluta, ndiye muyese kuliza.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Difu ikatentha paulendo n'kulowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake umanyala, ndiye imakoka madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena pa ma seal, malabala otchinga oyilo. Simumva chilichonse tsiku limenelo. Mumadzamva kulira patapita miyezi, mabeyaring'i atatha. Ndiye mukawoloka madzi ofika pa ekiselo, m'mawa mwake masulani boti ya difu, ya giyabokosi ndi ya transfer (bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), muviike chala. Oyilo wabwino amaoneka ngati uchi kapena wakuda. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, khetsani. Njira yotsika mtengo yopewera zimenezi ndi kulumikiza kapaipi pa kabowo kopumira kaja n'kukakweza mpaka m'chipinda cha injini. Popaninso girisi m'manipo a propshaft, chitsulo chozungulira cha kunsi chopita ku difu, mpaka wakale atuluke.

Madzi a m'makomboni amasakanikirana ndi a m'zimbudzi zokumba, ndipo kolera kuno timamudziwa. Akalowa m'kati mwa galimoto, tsukani pansi ndi madzi a klorini, mutsukuluze ndi madzi oyera kuti klorini asadye chitsulo, m'manja musambe ndi sopo.

Ikanyowa kale, kapena ikakhala nthawi osayenda

Mvula ikakupezani pa Great East Road denga lili kunyumba, musade nkhawa. Mukafika zulani tizitsekero, sololani mphasa, imikani makhushoni, pukutani dashibodi ndi nsalu youma. Wailesi ndi zina zamagetsi musaziyatse mpaka mawa. Dzuwa likatuluka tsegulani zonse. Kukakhala mvumbi wa masiku atatu, iikeni pansi pa shedi, fani ya m'nyumba iziwomba pansi pa dashibodi magetsi akakhalapo. Chimene simuyenera kuchita ndi kuifunditsa idakali yonyowa.

Yoimika dzinja lonse imafuna denga, osati bulangete. Malata anayi pamitengo akwana, kapena lona womangidwa m'mwamba ngati tenti ya pamaliro, wosakhudza galimoto, m'mbali mphepo ikudutsa. Pansi pakhale simenti kapena miyala, pa udzu ayi, pansi pa mango ayinso. Handibuleki musakoke, imamatirira ku ma drum ikachita dzimbiri. Ikani m'giya, matayala muwatchinge ndi njerwa. Thanki ikhale yodzaza kuti m'kati musachite thukuta lotsikira m'dizilo. Kamodzi pa mlungu ilizeni muyende nayo mpaka itenthe bwino, ngakhale kungofika ku Chongwe n'kubwerera, ndipo potsegula boneti muyang'ane zisa za makoswe, chifukwa nawonso m'dzinja amafuna pouma ndipo mawaya amawakonda.

Ija ya ku Chilenje inatidyera masiku anayi. Siponji ya mipando iwiri tinataya, malamba tinasintha, ndipo nyali yakumbuyo ija vuto lake linali waya wa earth amene anachita zobiriwira pa boti imodzi ya sipanala ya 10. Chipulasitiki chakuda chija amalume anapita nacho kumunda kwawo, akuyanikirapo chimanga.