Matayala ankaphulika pa M5, vuto silinali dzina la kampani

Minibasi yomwe timayendera kunyanja, titanyamula mahema ndi mbaula, inaphulitsa matayala akumbuyo kawiri mu Okutobala, pakati pa Salima ndi Nkhotakota. Ndinamatitsa, ndinasinthanso mtundu, koma ayi ndithu.

Womata matayala pa Kamuzu Road ndiye anandiitana: "Achimwene, tawerengani apa." Anga anali a kaunjika, opangidwira galimoto zazing'ono. Manambala anayi omaliza a DOT (chizindikiro cholembedwa pambali pa tayala), 2315, ankatanthauza kuti matayalawo anapangidwa sabata ya 23, chaka cha 2015. Nkhalamba zenizeni!

Ndinasiya kukanganitsa Bridgestone ndi Dunlop, n'kufunafuna chilembo C, cha matayala a galimoto zonyamula katundu: saizi 195R15C, 8PR (mulingo wa kulimba kwake), opirira katundu. Ndinagula anayi atsopano, thumba linalira, kuphatikizapo geji yoyezera mpweya. Mpweya ndimayeza m'mawa matayala asanatenthe, potsatira kapepala ka pachitseko cha dalaivala.